Musatsegule, Achimwene

1.
Maenvulopu anafika awiri, tsiku limodzi, pa kauntala imodzi. Ina yonenepa, ina yowonda.

Lameki Nankwenya sanachite kung'amba kuti adziwe za mkatimo. Zaka zisanu ndi ziwiri akutumiza zithunzi ku chionetsero chachikulu cha mumzinda wa Blantyre, kumene majaji atatu amakhala pansi n'kusankha zoti zipachikidwe pakhoma, zinamuphunzitsa kuwerenga envulopu ndi chikhatho. Ikanenepa ndiye kuti zithunzi zako akubwezera. Ikawonda ndiye kuti zatsala komweko, mkatimo muli kalata yokha.

Yonenepayo inali ndi dzina lake. Yowondayo inali ya mlongo wake wamng'ono, Fulosi, amene anatumiza koyamba chaka chomwechi, chithunzi chake chimodzi chokha.

2.
Tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu.
Tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu, koma malo anali ochepa.
Tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu, mudzayesenso chaka chamawa.

Kasanu ndi kawiri tsopano. Munthu kuthokozedwa mpaka imvi kumera.

3.
Nsanje.

Tiitchule dzina lake msanga, tisazungulire ngati tikukafunsira mbeta. Lameki akanafunsidwa akanati ndi kutopa, kapena kuthamanga kwa magazi, kapenanso kudandaula kuti luso likulowa pansi m'dziko muno. Bodza. Inali nsanje, yakupsa bwino, ndipo siinayambe ndi envulopu ayi.

4.
Situdiyoyo ili ku Limbe, kuseri kwa mashopu a nsalu. Anaisiya malemu bambo awo. Chikwangwani chake mpaka lero chimati NANKWENYA NDI MWANA WAKE, OJAMBULA, ndipo palibe amene anafunsapo kuti mwana wake uti, pakuti zinali zodziwikiratu. Lameki ndiye ankalowa nawo m'chipinda chamdima, kuphunzira kusakaniza mankhwala, kutsuka filimu, kuviika pepala m'mabeseni atatu. Fulosi ntchito yake inali tsache ndi sizasi, kusesa pakhomo ndi kudula tizithunzi ta pa chiphaso.

Kenako kunabwera mafoni, aliyense n'kusanduka wojambula. Situdiyo inatsala ya tizithunzi ta pa chiphaso tomweto, ndipo chipinda chamdima chinatsala cha anthu awiri okha mu Limbe monse amene ankakanirirabe filimu ndi pepala. Mmodzi ankadzitcha katswiri. Winayo ankangoti akusewera.

5.
Zimene Lameki anachitira filimu m'zaka zisanu ndi ziwirizo:

anaiviika mu tiyi wowawa wa ku Thyolo
anaikwirira m'munda mwezi wathunthu
anaikanda ndi singano
anaithira mchere
anaithira mandimu
anaifukiza pa mbaula
anaijambulira kawiri, nkhope pamwamba pa nkhope
anaiyanika padenga mpaka khwangwala anathawa nayo

Ndipo zinali zabwino ndithu, tisamulande. Koma chilichonse chinkaoneka kuti munthu wachita kuchivutikira, thukuta lili poyera. Majaji ankayang'ana, n'kugwedeza mutu, n'kupita pa chotsatira.

Tikuthokoza chifukwa cha chidwi chanu.

6.
Kamera ya Fulosi inali chitini cha mabisiketi. Anachipaka utoto wakuda mkati, n'kuboola kabowo ndi singano, n'kumata kachigamba pakabowopo. Amalowetsa pepala m'chitinimo ali mumdima, kupita nacho kunja, kumatula kachigamba, kudikira, kumatanso. Mulibe filimu. Chithunzi chimakhala papepala lomwelo, chimodzi, chopanda chinzake. Likawonongeka ndiye kuti zathera pomwepo.

Fulosi, ukupita nacho kuti chimenecho? Kokagula mafuta ophikira?

Kokajambula, achimwene.

Usamachititse manyazi dzina la bambo. Anthu aziti kwa Nankwenya makamera anatha.

Fulosi ankangomwetulira n'kunyamula chitini chake. Sanali munthu wa mawu ambiri, ndipo Lameki, mofanana ndi anthu ambiri olongolola, ankayesa kuti wosalankhula ndiye kuti alibe zonena.

7.
Lamulo la bambo linali limodzi. Nsalu yofiira ikapachikidwa pa msomali wa pachitseko, ndiye kuti mkati muli munthu ndipo pepala lili poyera. Kaya kwagwa maliro, kaya nyumba ikupsa, ugogode, udikire.

Wotchi m'chipindamo munalibe. Bambo ankayeza nthawi ndi nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwawo: ukaponya pepala m'beseni loyamba uyambe kuyimba, ndime yoyamba ikamatha chithunzi chimakhala chayamba kutuluka, yachiwiri ikatha chakhwima, uchotse. Ana awiriwa anakula akudziwa kuti munthu akamayimba kuseri kwa chitseko chimenecho, sakupemphera ayi.

Musatsegule.

Lameki anamenyedwapo khofi ali ndi zaka khumi chifukwa chongogwira chogwirira chitseko. Chiyambire tsiku limenelo sanaphwanyepo lamulolo.

8.
Nsanjeyo inayambira pa chingwe choyanikira. Mmawa wina Lameki analowa kukatenga sizasi, n'kupeza kapepala ka Fulosi kakudontha madzi, kakang'ono ngati chikhatho. Kanali ka Che Bwanali, telala wa pakhonde la shopu yoyandikana nayo. Nkhope ili phee, mapewa ali phee, koma mapazi opalasa makina atasanduka utsi chifukwa cha kudikira kwa chitini.

Anaima. Anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu amayang'anira masewera a mwana.

Panalibe tiyi, panalibe mchere, panalibe chokanda. Panali munthu akusoka basi, ndipo Lameki anadziwa m'mimba momwe kuti iye, ndi makamera atatu a bambo ake, sanajambulepo chotere. Atatembenuka anapeza Fulosi ali pakhomo ndi tsache.

Chada kwambiri ichi, anatero Lameki.

Chabwino, achimwene, anayankha Fulosi.

9.
Pamwamba pa kabati panali bokosi la mapepala aakulu amene bambo anasiya, a mtundu umene sugulitsidwanso kulikonse. Munatsala limodzi. Lameki ankalisungira tsiku lalikulu, ndipo tsikulo linkangosunthira kutsogolo chaka ndi chaka.

Achimwene, ndikupempha pepala la bambo lija. Ndikufuna nditumize ku chionetsero.

Iwe? Ku chionetsero?

Eya.

Akanakana. Koma kukana kukanasonyeza kuti akuopa, ndiye anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu woti wapondedwa chala pagulu, n'kutsitsa bokosilo ndi manja ake. Tenga, anatero. Ukawononge bwino.

Fulosi anabwereka chitini chachikulu cha utoto, n'kuchikonza monga chinzake chija.

10.
Linali Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo, khoma la laimu la kuseri kwa situdiyo likuthobwa m'maso, ndipo Fulosi anali atamukhazika Che Bwanali pa makina mphindi makumi awiri zathunthu osatembenuza khosi, n'kubwera ndi chitini chake atachikumbatira, n'kupachika nsalu yofiira pa msomali, n'kutseka, ndipo Lameki amene anali pa kauntala osachita kanthu anapezeka waimirira, anapezeka ali m'kanjira kopita kuseri, anapezeka waima pachitseko monga anali ataimira dzulo ndi dzana pomwe mlongo wake ankayesera timapepala tating'ono, osadziwa chimene akufuna kumva, ndipo mkatimo madzi anati khuvuu, nyimbo ya bambo n'kuyamba ndi mawu aang'ono aja, ndipo iye ankaona m'mutu mwake nkhope ya telala ikutuluka pang'onopang'ono papepala limene linayenera kukhala lake, ankaona khoma loyera la kuchionetsero, ankaona dzina lakuti Nankwenya litapachikidwa koma kutsogolo kwake kuli dzina lina, ndipo ndime yoyamba itangotha nyimbo inaduka, Fulosi n'kukuwa kuti achimwene, ngati muli pamenepo chonde musatsegule, likutuluka bwino kwambiri ili

11.
Anatsegula.

Pang'ono. Mpata wolowa dzanja. Kuwala kwa pakhoma la laimu kunalowa chopendekera mpaka pa beseni.

Kupuma kumodzi. Kuwiri. Kutatu.

Anatseka.

Pepa, anatero ali kunja. Sindinaione nsalu.

Nsaluyo inali ikumukhudza pamphumi.

12.
 Kenako mkatimo ndime yachiwiri inayamba, n'kuyimbidwa mpaka kumapeto.

Fulosi atatuluka sanalire, sanatukwane. Anasamba m'manja pa mpopi, n'kufunsa ngati kwabwera makasitomala. Chithunzicho Lameki sanachione. Mlongo wake anakachiyanika kunyumba kwake, ndipo iye analibe nkhope yofunsira. Atamva kuti watumizabe, chisoni chinamugwira, chija chimagwira munthu akakhuta. Mwana wosauka, kutumiza pepala lopserera. Sabata imeneyo anamugulira ngakhale fanta, chinthu chimene sanachitepo chibadwire.

Patapita miyezi iwiri ndi pamene maenvulopu aja anafika.

13.
Zabwino zonse, mlongo wanga, anatero Lameki pa kauntala paja, mano ali pamtunda koma osaseka.

Zikomo, achimwene.

Limbe sasunga chinsinsi. Pofika madzulo a tsiku lomwelo aliyense anali atamva, ndipo onse ankabwera kwa iye, pakuti ndiye mkulu. A Nankwenya, mwaphunzitsa bwino mwana! A Nankwenya, magazi ndi magazi! Che Bwanali anachita kusiya makina, tepi ili m'khosi.

Ambwana, akuti nkhope yanga ikakhala pakhoma m'tauni, azungu aziiona. Ndikusoka mkanjo watsopano wokadzionera. Nanga zanu zija munkakwirira m'munda, zinamera?

Lameki anaseka nawo. Akanatha kumeza makina osokerawo ndi mapedulo omwe.

14.
Anapita kunyumba ya zionetsero Lolemba, ati kukafunsa chimene zithunzi zake zinalakwa. Anamulandira Mayi Kapalamula, mmodzi wa majaji, mayi wa magalasi olendewera pa chingwe. Za zithunzi zake anayankha mwaulemu, mawu ambiri opanda kanthu. Koma atamva dzina lakuti Nankwenya maso awo anawala.

Ndinu achibale a Fulosi? Bwerani mudzaone. Sitinapachike, koma bwerani.

Chinali chotsamira khoma, m'fulemu yakuda.

Che Bwanali anali pa makina ake. Mbali imodzi ya pepala inali monga chitini chimajambulira, koma kuchokera pakona yakumwamba kunatsika mpata wopendekera, ndipo monse mmene mpatawo unadutsa zinthu zinatembenuka, zinasanduka zotuwa ngati siliva, ndipo m'mphepete mwa nkhope, mwa chipewa, mwa zala, mwa ulusi umene, munayenda kamzere kowala kopyapyala ngati kolembedwa ndi singano. Telala wa pakhonde ankaoneka ngati munthu amene wabwera kuchokera kutali kudzasoka chovala chimodzi chokha.

Kuwalitsa pepala lili m'mankhwala anthu amayesa, anatero Mayi Kapalamula, koma ambiri amapsereza. Apa kuwala kunalowa pa nthawi yake, n'kutuluka pa nthawi yake. Kukanachedwa pang'ono, bwenzi lonse lili bii. Dzanja limeneli ndi lodziwa, bambo. Tonse atatu sitinatsutsane n'komwe.

Lameki anatsegula pakamwa.

Anatseka.

15.
Nena, iwe. Dzanja akulitamalo ndi lako. Mpata uwo ndi wako, kupuma kutatu kuja n'kwako, popanda iwe chikanakhala chithunzi cha telala basi. Zaka zisanu ndi ziwiri ukugogoda, lero ntchito yako yalowa, ili m'fulemu, ndipo yavala dzina la mwana wa tsache.

Nena.

Unene kuti chiyani? Kuti mayi, ine ndi amene ndinaona nsalu yofiira n'kutsegula dala, kuti mlongo wanga alire?

Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Lameki anakwera minibasi yobwerera ku Limbe, ndipo kondakitala anachita kumugwedeza paphewa kuti atsike.

16.
Ngati dzanja ndi lake, abwerezanso. Anadikira Fulosi atapita kokagula inki, n'kutenga chitini cha mabisiketi chija ankachinyoza, ndi timapepala tating'ono khumi.

Loyamba: anayatsa babu. Bii.
Lachiwiri: anayatsa n'kuzimitsa msanga. Lotuwa ponseponse, lopanda mpata.
Lachitatu: machesi. Bii.
Lachinayi: anathamangira kuchitseko, pobwerera anagunda beseni.
Lachisanu: anafika kuchitseko, koma pepala losagwedezedwa linachita mawangamawanga.
Lachisanu ndi chimodzi: anamanga chingwe kuchitseko n'kukoka ndi phazi. Chinatseguka chonse.

Anasiyira pa lachisanu ndi chitatu, buluku litanyowa mankhwala. Chimene anaphunzira n'chakuti kuchokera pa beseni kufika pachitseko pali mapazi asanu, ndipo munthu mmodzi sangagwedeze beseni n'kutsegulanso chitseko. Nsanje inakula, pakuti tsopano ankachitira nsanje ngakhale mwayi wa mlongo wakeyo. Anthu ena amabadwa choncho, ukawaponyera mwala umasanduka mkate.

17.
Kutatsala masiku atatu kuti chionetsero chitsegulidwe, Fulosi anabwera ndi fomu n'kuiyala pa kauntala. Pambali pake anaikapo cholembera.

Achimwene, a kuchionetsero akufuna mawu oti alembe pakhoma, pansi pa chithunzi. Lamulo lawo likuti ngati pali wina amene anagwira nawo ntchito, atchulidwe dzina ndi chimene anachita. Mizere iwiri iyi ndakusiyirani.

Lameki anayang'ana fomuyo. Ine ndinachitapo chiyani?

Munatsegula.

Ndinakuuza kuti sindinaione nsalu.

Munaiona. Ndinaichapa dzulo lake kuti ifiire bwino.

Panadutsa galimoto yogulitsa mankhwala a makoswe ikulengeza pa chimkuzamawu. Fulosi anadikira kuti ipite.

Kuwalitsa pepala lili m'mankhwala ndinayesa ndekha mwezi wathunthu, anapitiriza Fulosi, mawu ake osakwera. Babu, machesi, tochi, chingwe. Zimene munayesa Lachitatu zija, ndinaona timapepala tanu m'bini. Ndinaona kuti pakufunika kuwala kwa pachitseko, masana, ndiponso munthu wachiwiri. Ndiye masiku atatu ndinkakumvani mukupuma kuseri kwa chitseko. Mukuganiza kuti ndinakuwiranji ndime yoyamba itangotha? Ndi liti pamene ine ndinadulapo nyimbo ya bambo?

Bwanji sunangondipempha?

Mukanavomera?

Lameki anayang'ana cholembera chija.

Ndikanati achimwene ndithandizeni, mukanandiuza kuti mwatanganidwa, mwinanso mukanalanda pepala lija. Kundithandiza ndinadziwa kuti simungathe. Koma kundiwonongera, ndinadziwa kuti simuchedwa.

Linali pepala lomaliza, Fulosi. Ndikanatsegula chitseko chonse?

Inu? Apa ndiye anaseka pang'ono, koma maso ake anali atanyowa. Inu simuchita choipa n'kuchimaliza, achimwene. Mumayamba, mantha n'kukugwirani pakati. Ndakudziwani zaka makumi atatu ndi zisanu. Ndinawerengera kupuma kutatu, ndipo munandipatsa kutatu. Koma ndisaname, ndili pa beseni paja mtima wina unkapempha kuti ndikhale ndalakwitsa. Ndikanataya chithunzi, n'kukhala ndi achimwene.

Anamukankhira cholembera.

Mukapanda kulemba, chithunzi chipachikidwabe, ndipo ine sindidzauza munthu. Mukalemba, dzina lanu likwera pakhoma paja. Musankhe nokha.

Fulosi anatenga tsache n'kutuluka panja.

Lameki anayang'ana mizere iwiriyo. Woyamba unali wosavuta. Dzina limenelo anali atalilemba pa mafomu asanu ndi awiri, ndipo analilembanso, zilembo zazikulu, zoongoka bwino. Pa mzere wachiwiri, wofunsa ntchito imene wothandizayo anagwira, anakhalapo nthawi yaitali, akumva tsache likupala simenti pakhomo. Anaganiza zolemba kuti wowongolera kuwala. Anaganiza zolemba kuti mlangizi. Manyazi anamugwira, ndipo pansi pa manyaziwo, Mulungu amukhululukire, ankalifunabe khoma lija.

Analemba kuti: Ndinatsegula chitseko atandiletsa.